Mmene mungalosere ndalama za matikiti a mafilimu pa mpikisano wa pa intaneti

Pafupifupi Lachinayi lililonse pamapezeka munthu wondifunsa kuti filimu yakutiyakuti ipeza ndalama zingati ikatuluka mawa, ndipo ndikamuuza nambala amangoilemba n'kumapita, kenako sabata yotsatira amabweranso ndi funso lomwelo. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi njira yonse imene ndimatsatira, kuti aliyense azidziwerengera yekha. Mipikisano imene ndikunenayi ndi ija imene anthu amalosera ndalama zimene mafilimu atolere pa matikiti, ndipo amapambana ndi amene nambala zake zayandikira kwambiri zenizeni. Ena amaiona ngati kuombeza ula, koma kwenikweni ndi masamu a ku pulayimale, kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Chovuta chagona pa kusankha nambala zoyenera kuziika m'masamuwo, ndipo amene amaluza kawirikawiri ndi amene amalemba zimene mtima wawo ukufuna kuti filimu ipeze.

Pali mawu atatu amene muyenera kuwamvetsa tisanapite patali. Pamene mpikisano ukunena za ndalama za domestic, ukunena za United States ndi Canada pamodzi, ndipo zimene filimu yapeza ku China, ku Britain kapena ku South Africa sizilowamo. Pamene ukunena za wikendi, ukunena za masiku atatu, Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu. Mawu achitatu ndi previews, kutanthauza zionetsero za Lachinayi madzulo filimu isanatuluke mwalamulo, ndipo ndalama za zionetsero zimenezi zimaphatikizidwa ku ndalama za Lachisanu ngati kuti zonse zinapezeka tsiku limodzi. Mfundo yomalizayi muisunge bwino, chifukwa theka la zolakwa zimene ndifotokoze m'munsimu zimachokera pa kuiiwala.

1. Yambani ndi malamulo a mpikisano musanayang'ane filimu iliyonse

Choyamba dziwani kuti akufuna nambala ya masiku angati. Pakakhala tchuthi Lolemba, malipoti amatulutsa nambala ziwiri, ya masiku atatu ndi ya masiku anayi, ndipo kusiyana kwake si kochepa. Black Panther itatuluka mu Febuluwale 2018 inapeza madola 202 miliyoni m'masiku atatu, koma 242 miliyoni m'masiku anayi. The Super Mario Bros. Movie inatuluka Lachitatu mu Epulo 2023, choncho inali ndi madola 146.4 miliyoni a wikendi ndi 204.6 miliyoni a masiku asanu. Munthu amene walosera molondola masiku asanu pamene mpikisano umafuna atatu wataya mapointi popanda chifukwa.

Chachiwiri onani mmene amawerengera mapointi. Ngati amayeza kulakwa kwanu m'madola, ikani nzeru zanu zonse pa filimu yaikulu ya sabata imeneyo, chifukwa kuphonya ndi madola 20 miliyoni pa iyo kumaposa zolakwa zonse za mafilimu ang'onoang'ono kuziphatikiza pamodzi. Ngati amayeza m'maperesenti, filimu imene ili pa nambala 9 ndi yofunika chimodzimodzi ndi imene ili pa nambala 1. Pamenepa palinso kachinsinsi kena. Mukalemba 10 miliyoni filimu n'kupeza 5 miliyoni, mwalakwa ndi 100 peresenti, pamene mukalemba 5 miliyoni filimu n'kupeza 10 miliyoni, mwalakwa ndi 50 peresenti yokha. Choncho pa mpikisano wotere, mukamakayikira pakati pa nambala ziwiri, pendekerani ku yaing'ono. Mipikisano ina imangofuna kuti musanje mafilimu kuyambira woyamba mpaka wa nambala 10 pa nyengo yonse, ndipo Hollywood Stock Exchange, imene inayamba mu 1996, imagulitsa mafilimu ngati masheya pogwiritsa ntchito ndalama zoseweretsa, mtengo wake n'kumatengera ndalama za masabata anayi oyambirira. M'mipikisano yamtundu umenewu wikendi yoyamba ndi poyambira chabe.

2. Dziwani kumene nambala zimachokera

Kampani ya Comscore ndi imene imatolera ziwerengero kuchokera m'malo oonetsera mafilimu, ndipo makampani opanga mafilimu amalengeza nambala zawo potengera zimenezo. Inu mukazipeza mwaulere pa mawebusaiti a Box Office Mojo ndi The Numbers, pamene pali ndalama za tsiku ndi tsiku za mafilimu a zaka zambiri m'mbuyomu. Olemba nkhani za mafilimu a Deadline, Variety ndi The Hollywood Reporter amalemba zoyembekezeka sabata isanathe komanso nambala za previews Lachisanu. Kumbukiraninso kuti zonsezi ndi madola, si mitu ya anthu. Mu 2019 tikiti imodzi inkagulidwa pa avereji ya madola 9.16 ku United States, ndipo mtengo wakwera kuchokera nthawi imeneyo. Tikiti ya IMAX, zipinda za sikirini yaikulu kwambiri, ndi yokwera kuposa wamba, pamene ya mwana ndi ya chionetsero cha masana ndi yotsika, motero mafilimu awiri amene aonedwa ndi anthu ofanana chiwerengero akhoza kusiyana kwambiri pa ndalama.

3. Mverani za tracking, koma musazipembedze

Kutatsala pafupifupi masabata atatu kuti filimu ituluke, makampani ofufuza amayamba kufunsa anthu ngati aimva filimuyo, ngati akufuna kuionera, ndiponso ngati ndiyo imene angasankhe poyamba pakati pa zonse. Zotsatira zake ndi zimene amazitcha tracking, ndipo zimatuluka ngati malire awiri, mwachitsanzo madola 40 mpaka 50 miliyoni. Kampani imene yapanga filimu imalengezanso nambala yakeyake, koma kawirikawiri imaitsitsa dala, kuti Lamlungu nyuzipepala zilembe kuti filimu yaposa zimene anthu amayembekezera. Nambala ya eni filimu muziitenga ngati pansi penipeni.

Tracking imathandiza pa mafilimu apakatikati, koma imaphonya kwambiri pa amene akupita kutali mbali iliyonse. Inside Out 2 isanatuluke mu Juni 2024, malipoti ambiri ankanena za madola 80 mpaka 90 miliyoni, koma inapeza 154.2 miliyoni. Joker: Folie à Deux inkayembekezeka kufika pafupifupi 70 miliyoni kutatsala masabata atatu, nambalayo n'kumatsika tsiku likamayandikira, ndipo mu Okutobala 2024 inapeza 37.7 miliyoni yokha. Chimene muphunzire apa n'chakuti kumene nambala ikulowera n'kofunika kuposa pamene yaima. Ikamatsika sabata ndi sabata, zenizeni zimakonda kukhala pansi pa malire otsikawo, ndipo ikamakwera zimakonda kudutsa malire apamwamba. Za kuchuluka kwa anthu amene aonera kanema wotsatsa filimu pa YouTube musataye nazo nthawi yambiri, chifukwa kuonera n'kwaulere ndiponso oonerawo ali dziko lonse lapansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

4. Sankhani mafilimu oyerekezera nawo

Akadaulo a masewerawa amawatcha comps, kutanthauza mafilimu akale amene anaonedwa ndi anthu amtundu womwewo ndipo anatuluka m'nyengo yofanana. Pezani atatu kapena asanu, osati imodzi, ndipo pa iliyonse mudzifunse mafunso awa: kodi inali ya ana ndi makolo awo, ya achinyamata, kapena ya akuluakulu? Kodi inali ndi chizindikiro cha msinkhu wa oonera cha PG, PG-13 kapena R, poti R saloleza mwana wosafika zaka 17 kulowa popanda wamkulu? Kodi inatuluka masukulu ali otsegula kapena otseka? Kodi inali nkhani yatsopano kapena yopitiriza ina? Yesetsaninso kuti ambiri mwa mafilimuwo akhale a pambuyo pa 2020, chifukwa chizolowezi cha anthu chinasintha malo oonetsera atatsekedwa nthawi ya Covid-19, ndipo mafilimu a akuluakulu opanda zoopsa kapena ndewu ambiri tsopano anthu amawadikirira kunyumba.

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri ndi kuyerekezera filimu yachiwiri ndi yoyamba yake yokha basi. Joker yoyamba inapeza madola 96.2 miliyoni pa wikendi yoyamba mu 2019, ndipo mwaona kale zimene zinachitikira yachiwiri. Captain Marvel inayamba ndi 153.4 miliyoni mu Malichi 2019, koma The Marvels, yopitiriza nkhani yake, inayamba ndi 46.1 miliyoni mu Novembala 2023. Amene anangotenga nambala yoyambayo n'kuchotserako pang'ono anaiwala kuti Captain Marvel inatuluka kutatsala masabata ochepa kuti Avengers: Endgame ituluke, ndipo anthu ambiri anapita kukaionera poopa kusamvetsa filimu yaikuluyo. Mbali inayi, Inside Out yoyamba inayamba ndi 90.4 miliyoni mu 2015, yachiwiri n'kuposa patali, chifukwa kwa zaka 9 ana ankaionera mobwerezabwereza kunyumba, ndipo amene anali aang'ono nthawi ija anali atakula n'kumatha kudzigulira okha matikiti. Funso lofunika si ndalama zimene filimu yoyamba inapeza, koma chifukwa chimene anthu anapitira, ndiponso ngati chifukwa chimenecho chikadalipo.

5. Sandutsani nambala ya Lachinayi kukhala nambala ya wikendi yonse

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsapo, pomwe ndi pamene mpikisano umapambanidwira. Ngati mpikisano wanu umatseka Lachisanu, mudzakhala mutaona kale nambala yeniyeni ya previews. Ngati umatseka Lachinayi, muyenera kuilosera nokha potengera mmene matikiti ogulitsidwiratu akuyendera poyerekezera ndi mafilimu amene munasankha mu gawo 4. Mulimonsemo, ntchito yake ndi imodzi: kupeza nambala yochulukitsira.

Nambala imeneyi mumaipeza pogawa ndalama za wikendi yonse ndi ndalama za previews pa filimu iliyonse yakale. Tiyeni tione zenizeni. Star Wars: The Force Awakens inapeza madola 57 miliyoni Lachinayi ndi 248 miliyoni wikendi yonse mu Disembala 2015, ndipo tikagawa tipeza 4.4. Spider-Man: No Way Home inapeza 50 miliyoni ndi 260.1 miliyoni mu 2021, zimene zikupereka 5.2. Deadpool & Wolverine inapeza 38.5 miliyoni ndi 211.4 miliyoni mu Julaye 2024, zimene ndi 5.5. Avengers: Endgame inapeza 60 miliyoni ndi 357.1 miliyoni, zimene ndi pafupifupi 6. Barbie inapeza 22.3 miliyoni ndi 162 miliyoni, zimene ndi 7.3, ndipo Oppenheimer, imene inatuluka tsiku lomwelo la 21 Julaye 2023, inapeza 10.5 miliyoni ndi 82.4 miliyoni, zimene ndi 7.8. Black Panther inafika pa 8. Inside Out 2 inapeza 13 miliyoni Lachinayi, ndipo nambala yake yochulukitsira inali pafupifupi 12.

Mukayang'anitsitsa mndandanda umenewu muona kuti nambalazi sizinamwazikane chisawawa. Filimu imene ili ndi gulu la anthu oikonda mopitirira, amene amagula matikiti mwezi wathunthu isanatuluke ndipo amaopa kuti anzawo angawaululire mathero ake, imadzaza Lachinayi, ndipo nambala yake yochulukitsira imakhala yaing'ono. Filimu ya ana imachita zosiyana, chifukwa kholo silitengera mwana kukaonera filimu Lachinayi usiku mawa lake kuli sukulu kapena ntchito, ndipo mabanja ambiri amagula tikiti pakhomo tsiku lomwelo. Choncho previews ya madola 12 miliyoni payokha sikuuzani kanthu. Mukaichulukitsa ndi 5.5 mupeza 66 miliyoni, ndi 8 mupeza 96 miliyoni, ndi 12 mupeza 144 miliyoni. Nambala ndi imodzi yomweyo, koma mayankho akusiyana ndi madola 78 miliyoni, ndipo chokhacho chimene chingakuuzeni yankho loyenera ndi kudziwa amene akupita kukaonera.

Ine ndinagwapo m'mbuna imeneyi pa Inside Out 2. Nditaona 13 miliyoni Lachisanu madzulo, ndinaichulukitsa ndi 7 chifukwa maganizo anga anali adakali pa Barbie, imene inalinso ndi atsikana ndi amayi ambiri. Ndinapeza 91 miliyoni, ndipo poona kuti zikugwirizana ndi tracking ndinakhutira n'kutumiza. Kugwirizanako n'kumene kunandipusitsa. Ndikanafunsa funso limodzi lokha, loti kodi ana a zaka 7 anali m'gulu la oonera Lachinayi usiku, ndikanazindikira kuti gulu lalikulu linali lisanafike n'komwe.

Samalaninso ndi zimene zaikidwa m'kati mwa nambala ya previews. Kale zionetserozi zinkayamba pakati pa usiku, kenako zinasunthira madzulo, ndipo masiku ano mafilimu akuluakulu ambiri amayamba masana ndithu, zomwe zikutanthauza kuti Lachinayi lasanduka ngati tsiku lathunthu. Makampani ena amaonetsanso filimu mwapadera Lachiwiri kapena Lachitatu, ndalamazo n'kuziphatikiza mu nambala yomweyo. Previews ikatupa motere, nambala yochulukitsira imatsika. Werengani lipoti lonse mpaka mupeze ola limene zionetsero zinayamba, ndipo musayerekezere filimu imene inayamba 3 koloko masana ndi imene inayamba 7 koloko madzulo popanda kutsitsako pang'ono.

Mukapeza yankho mwa njira imeneyi, liyeseni ndi njira yachiwiri, yomanga wikendi tsiku ndi tsiku. Chiyambi chake ndi kupeza Lachisanu lenileni, kutanthauza ndalama za Lachisanu mutachotsamo previews. Avengers: Endgame inalengeza madola 157.5 miliyoni Lachisanu, 109.3 miliyoni Loweruka ndi 90.4 miliyoni Lamlungu. Wosadziwa anganene kuti Loweruka inagwa ndi pafupifupi 31 peresenti, n'kuyamba kuganiza kuti anthu sanaikonde. Koma mukachotsa 60 miliyoni ya Lachinayi, Lachisanu lenileni linali 97.5 miliyoni, ndipo Loweruka inakwera ndi 12 peresenti, kenako Lamlungu inatsika ndi 17 peresenti. Chitani masamu omwewa pa filimu iliyonse imene mwasankha kuyerekezera nayo, ndipo mulembe zinthu zitatu: Lachisanu lenileni linaposa previews kangati, Loweruka linakwera motani, ndipo Lamlungu linatsika motani.

Tiyerekeze kuti pali filimu ya ana imene ikutuluka masukulu ali otsegula, ndipo previews yake ndi madola 5 miliyoni. Tinene kuti mafilimu anu oyerekezera akusonyeza kuti Lachisanu lenileni limaposa previews katatu, Loweruka limakwera ndi 40 peresenti, ndipo Lamlungu limatsika ndi 30 peresenti. Ndiye kuti Lachisanu lenileni ndi 15 miliyoni, Loweruka ndi 21 miliyoni, Lamlungu ndi 14.7 miliyoni, ndipo mukaphatikiza ndi 5 miliyoni ija mupeza 55.7 miliyoni. Mukagawa 55.7 ndi 5 mupeza 11, nambala imene ikugwirizana ndi filimu ya ana. Njira ziwirizi zikasemphana kwambiri, musatenge nambala yapakati mwaulesi. Bwererani mukaone filimu yoyerekezera imene ikusokoneza, chifukwa nthawi zambiri mupeza kuti ina inatuluka pa tchuthi kapena m'nyengo yosiyana.

6. Tsegulani kalendala ya ku America

Nyengo yawo yotentha, imene makampani amatulutsa mafilimu akuluakulu, imayamba kumayambiriro kwa Meyi mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, nthawi imene kwathu kuno kukuzizira. Kuyambira pakati pa Juni mpaka Ogasiti ana ambiri sali pasukulu, choncho Lachisanu limakhala lamphamvu kale, Loweruka silikwera kwambiri, ndipo Lamlungu silitsika kwambiri chifukwa mawa lake kulibe sukulu. Maholide a Lolemba amachititsa Lamlungu kukhala ngati Loweruka lachiwiri. Amenewa ndi monga Lolemba lachitatu la Januwale, Lolemba lachitatu la Febuluwale, Memorial Day pa Lolemba lomaliza la Meyi, ndi Labor Day pa Lolemba loyamba la Seputembala. Holide ya Thanksgiving imakhala Lachinayi lachinayi la Novembala, ndipo mafilimu a sabata imeneyo amatuluka Lachitatu. Tsiku la anakubala kumeneko si 15 Okutobala ngati ku Malawi, koma Lamlungu lachiwiri la Meyi, ndipo la abambo ndi Lamlungu lachitatu la Juni. Masiku awiriwa amakweza Lamlungu la mafilimu amene banja lingaonere limodzi. Lamlungu la Super Bowl, fainali ya mpira wa ku America mu Febuluwale, limagwetsa ndalama kwambiri chifukwa anthu amakhala pa TV, ndipo 24 Disembala nalonso ndi tsiku lofooka.

Disembala ali ndi malamulo akeake. Kuyambira pa Khirisimasi mpaka chaka chatsopano tsiku lililonse limakhala ngati Loweruka, choncho anthu sathamangira wikendi yoyamba. The Greatest Showman inapeza madola 8.8 miliyoni okha pa wikendi yake yoyamba mu Disembala 2017, ambiri n'kuiyesa yakufa, koma inamaliza ndi 174 miliyoni.

7. Musaiwale mafilimu amene anatuluka kale

Pa mafilimu 10 amene mpikisano ungakufunseni, atsopano amakhala awiri kapena atatu, ndipo otsalawo ali mu sabata yachiwiri, yachitatu kapena kupitirira. Mapointi osavuta ali pamenepa, koma anthu ambiri amangochotsa theka pa filimu iliyonse n'kutumiza. Ntchito yanu ndi kulosera kuti iliyonse itsika ndi maperesenti angati. Wikendi yachiwiri imaoneka yotsika kwambiri kuposa mmene zilili chifukwa yoyamba inali ndi previews m'kati. Avengers: Endgame inapeza madola 147.4 miliyoni pa wikendi yachiwiri, kutsika ndi 59 peresenti, koma mukachotsa 60 miliyoni ija pa wikendi yoyamba, kutsika kwenikweni kunali 50 peresenti. N'chifukwa chake wikendi yachitatu kawirikawiri imatsika pang'ono kuposa yachiwiri, ndipo amene amangobwereza peresenti ya sabata yatha amalosera motsika kwambiri.

Chokuthandizani kwambiri apa ndi CinemaScore, kafukufuku amene amafunsa anthu potuluka m'chionetsero usiku woyamba, n'kupereka magiredi kuyambira A+ mpaka F. Magirediwa musawawerenge ngati a kusukulu. Anthu amene amapita usiku woyamba ndi amene amaifuna kale filimuyo, choncho giredi B pa filimu yaikulu ndi chizindikiro choipa. Batman v Superman inapeza B mu 2016, inayamba ndi madola 166 miliyoni, inatsika ndi 69 peresenti wikendi yachiwiri, ndipo inamaliza ndi 330 miliyoni, kutanthauza kuti theka la ndalama zake zonse linabwera m'masiku oyambirira aja. Joker: Folie à Deux inapeza D, n'kutsika ndi 81 peresenti. Top Gun: Maverick inapeza A+ mu 2022, inatsika ndi 29 peresenti yokha, ndipo kuchokera pa 126.7 miliyoni inakafika pafupifupi 719 miliyoni. Kutalika kwa ulendo kotereku ndi kumene osewera amakutcha legs, ndiye kuti miyendo, ndipo amakuyeza pogawa ndalama zonse ndi za wikendi yoyamba: Batman v Superman inali ndi 2, Top Gun: Maverick inali ndi 5.7. Mafilimu oopsa kawirikawiri satsatira lamuloli, chifukwa oonera amawapatsa magiredi otsika ngakhale atawaopseza bwino. Hereditary inapeza D+ mu 2018, komabe kuchokera pa 13.6 miliyoni inakafika 44 miliyoni.

Kenako onani amene akubwera sabata imeneyo. Filimu yatsopano ikakhala ya gulu lomwelo la anthu, yakaleyo imatsika kwambiri, makamaka ikalandidwa zipinda za IMAX zimene matikiti ake ndi okwera mtengo. Onaninso ngati filimu ikupezeka kale kunyumba. Filimu yoopsa ya Five Nights at Freddy's inatuluka tsiku limodzi m'malo oonetsera ndi pa Peacock, njira yoonera mafilimu kunyumba pa intaneti, kumapeto kwa Okutobala 2023, inayamba ndi 80 miliyoni, ndipo wikendi yotsatira, Halloween, nyengo imene anthu amakonda mafilimu oopsa, itadutsa, inatsika ndi 76 peresenti.

8. Yesani nambala yanu ndi chiwerengero cha malo oonetsera, kenako tumizani nthawi ikadalipo

Lachinayi mawebusaiti aja amalengeza kuchuluka kwa malo amene filimu iliyonse ionetsedwe. Gawani nambala yanu ndi chiwerengero chimenecho. Avengers: Endgame inaonetsedwa m'malo 4,662, ndipo malo alionse anatolera pafupifupi madola 76,600, zimene sizichitikachitika. Ngati mwalemba 40 miliyoni pa filimu imene ili m'malo 2,000, mukunena kuti malo alionse atolera madola 20,000, ndipo muyenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira zimenezo. Kwa mafilimu akale, kuchotsedwa m'malo mazana angapo sabata imodzi kumakulitsa kutsika, ngakhale kuti malo amene amayamba kuichotsa amakhala amene sankatolera zambiri kale.

Nthawi yotsekera mpikisano imalembedwa m'maola a ku America. Kuyambira Lamlungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamlungu loyamba la Novembala, Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa amakhala patsogolo pa New York ndi maola 6, ndipo patsogolo pa Los Angeles ndi maola 9. Miyezi inayo maola amakhala 7 ndi 10, chifukwa iwo amasintha mawotchi pamene ife sitisintha. Motero 12 koloko masana Lachisanu ku Los Angeles ndi 9 koloko usiku kwathu mu Julaye, koma 10 koloko usiku mu Disembala. Mu Malichi, sabata imene asinthira mawotchi, nthawi yotsekera imafulumira ndi ola limodzi kwa ife, ndipo ine ndinataya mapointi a sabata yathunthu chifukwa cha ola limenelo. Chizolowezi changa tsopano n'chotumiza nambala zongoyembekezera Lachitatu, kenako n'kuzikonza previews ikatuluka, kuti magetsi akazima kapena bandulo ikatha pasakhale mpata wopanda kanthu.

9. Dikirani nambala za Lolemba, ndipo muzilembe m'kope

Nambala zimene zimatuluka Lamlungu ndi zongoyerekezera, chifukwa makampani amazilengeza m'mawa tsikulo lisanathe, ndipo ndalama za Lamlungu amazilosera ngati mmene inu mukuchitira. Zenizeni zimatuluka Lolemba masana kumeneko, umene kwathu ndi usiku, ndipo mipikisano yambiri imagwiritsa ntchito zimenezi. Barbie inalengezedwa Lamlungu kuti yapeza madola 155 miliyoni, koma Lolemba inapezeka ndi 162 miliyoni, ndipo Oppenheimer inachoka pa 80.5 kufika pa 82.4 miliyoni. Filimu imene anthu aikonda imakonda kukwera Lolemba, pamene imene yawakhumudwitsa imakonda kutsika.

Zikatuluka, tengani kope kapena tsegulani tebulo pa kompyuta, ndipo pa filimu iliyonse mulembe dzina, mwezi, mtundu wa oonera, ola limene previews inayamba, ndalama zake, Lachisanu lenileni, Loweruka, Lamlungu, giredi ya CinemaScore, nambala imene inu munalosera, ndi chifukwa chimene munailembera. Danga la chifukwa ndi limene anthu amalidumpha, pomwe ndi limene lidzakusonyezeni ngati mumakonda kukweza mafilimu a Marvel chifukwa mumawakonda, kapena kutsitsa a ana chifukwa simuwaonera. M'kope langa, pakutha pa miyezi itatu yoyamba, zolakwa zanga zazikulu zinali pa mafilimu a ana, ndipo zonse zinali za mbali imodzi, yolosera motsika. Kuyambira pamenepo, ndikamaliza masamu a filimu ya ana ndimabwerera ku gawo 5 n'kuyang'ananso nambala yochulukitsira ndisanatumize.